Tikiti ya Amayi Idakwera Khwekhwelere

Lachisanu lapitali, pamtsutso wathu uja wa madzulo, tidatsala pang'ono kugwirana m'makosi chifukwa cha nkhani ya ulamuliro wa m'zigawo. Ena ankati Malawi sadzatukuka mpaka chigawo chilichonse chitakhala ndi nyumba yakeyake ya malamulo, ina ku Mzuzu, ina ku Lilongwe, ina ku Blantyre. Ena ankati kumeneko n'kugawa dziko, ndi Chitaganya chija agogo athu adachikana, chabwera chitavala malaya ena. Maiko adatchulidwa ambiri usiku umenewo, Nigeria, India, Germany, South Africa, ndipo Chingerezi chimene chidalankhulidwa chinali choti ngakhale mwini wake akadapempha womasulira. Inenso ndidaimirira, ndidalankhula, ndipo mudandiombera m'manja. Koma nditafika kogona tulo tidandithawa. Ndidakumbukira funso limene amayi anga adandifunsa patchuthi, ndipo manyazi adandigwira.

Kwathu ndi ku Mua, kunsi kwa mapiri a Dedza, m'dera la Inkosi Kachindamoto. Amayi amagulitsa mpunga ndi matimati pamsika wina wa kumeneko, ndipo tsiku lililonse akayala malonda amadula tikiti. Tsiku lina ndidawaperekeza nditasenza dengu. Wodulitsa matikiti atadutsa, amayi adapinda kapepala kaja, n'kukamanga pamfundo ya nsalu yawo, kenaka adandiyang'ana.

"Iwe mwanawe, poti uli kusukulu yaikulu, tandiuza. Ndalama tikudula apayi imapita kuti?"

"Imapita kukhonsolo, Amayi."

"Nanga kukhonsoloko amaigawa ndani? Amakumana liti? Akagawana amatiuza bwanji?"

Ndidayamba kukanda m'mutu. Ine amene ndingakutchulireni nduna zonse ndi maunduna ake, amene ndingakusimbireni chigamulo cha pa 3 Febuluwale 2020 chofafaniza chisankho cha Pulezidenti ngati kuti ndidali m'bwalomo, sindidadziwe ngakhale dzina la khansala wa dera lathu. Amayi sadandinyoze. Adangoti, "Chabwino, tabweretsa mbale yoyezera ija." Kukadakhala bwino akadandilalatira.

Tsono ndikufunseni inu amene mudafuula Lachisanu. Ndani mwa inu adalowapo mumsonkhano wa khonsolo ya kwawo? Ndani adagwirapo m'manja pepala la zokambirana zake? Ndi angati amadziwa khansala wawo, osati chipani chake, koma dzina lake ndi mudzi umene amagona? Tikulirira nyumba zitatu za malamulo zimene kulibe, pamene kanyumba kamene kalipo kale sitidziwa ngakhale kumene chitseko chake chidaloza. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Nditabwerera kuno ndidakhala masiku angapo m'nyumba ya mabuku kufunafuna yankho la amayi, ndipo zimene ndidapeza ndi izi. Malamulo aakulu a dziko lino, m'mutu 14, amati pakhale maboma aang'ono oimira anthu a m'dera lawo. Lamulo la Maboma Aang'ono la 1998 ndilo limafotokoza kayendetsedwe kake. M'khonsolo mumakhala makhansala osankhidwa ndi anthu, mmodzi pawodi iliyonse. Mumakhalanso aphungu a Nyumba ya Malamulo a m'bomalo, mafumu akuluakulu amene amalankhula koma saponya voti, ndi anthu asanu oimira magulu monga amayi, achinyamata ndi olumala, nawonso opanda voti. Bwana D.C. ndi antchito ake ndiwo alembi ndi manja a khonsoloyo. Khonsolo yonse iyenera kukumana kosachepera kanayi pachaka, ndipo pakati pa misonkhanoyo pamagwira ntchito makomiti a zachuma, zachitukuko, zamaphunziro, zaumoyo, zaulimi, zomangamanga ndi zolemba anthu ntchito. Khonsolo imavomereza bajeti ya boma lonse, imaika mitengo ya matikiti a m'misika ndi ziphaso za malonda, ndipo imapanga malamulo ake aang'ono amene Nduna ikawavomereza amamanga munthu monga lamulo lina lililonse. Ngati imeneyi si nyumba ya malamulo, ndiuzeni dzina lake. Ndipo musaiyese yaing'ono. Pakalembera wa 2018 boma la Dedza lidapezeka ndi anthu oposa 830,000, kuposa anthu a m'dziko lonse la Luxembourg limene lili ndi mpando wake ku United Nations.

Tiyeni titsate kanthu kamodzi kakang'ono tione m'mene kamayendera. Tinene kuti pamudzi wina pakati pa Mtakataka ndi Golomoti pali khwawa limene limadzaza mvula ikagwa kumapiri, ndipo ana sapita kusukulu masiku atatu mpaka madzi ataphwa. Pafunika kalavati. Nkhaniyi iyenera kuyambira kukomiti ya chitukuko ya kwa gulupu, imene timaitcha VDC, anthu n'kugwirizana kuti kalavati ndiye woyamba, mjigo udikire. Ichoke apo ipite kukomiti ya dera lonse la mfumu yaikulu, ADC, kumene ikapikisane ndi zofuna za midzi ina yonse: denga la sukulu limene lidasasuka, nyumba ya namwino, chimbudzi cha pamsika. Alangizi a boma a m'deralo amaunika ngati zingatheke. Ikapulumuka pamenepo ikwere phiri, ikafike kwa akuluakulu a nthambi za boma ku Boma, alembe mtengo wake, ilowe m'komiti ya zomangamanga, ipite kukomiti ya zachuma, kenaka khonsolo yonse ivomereze. Pa sitepe iliyonse kalavati wathu angathe kufa, ndipo safa ndi mfuti ayi. Amafa chifukwa mlembi sadalembe, chifukwa msonkhano udalephereka poti anthu sadakwane, chifukwa khansala wa wodi ina adalankhula mokweza pamene wathu ankaodzera chakudya cha masana chitamulemera, chifukwa wina adati "nkhaniyi tiione pamsonkhano wotsatira" ndipo palibe adakumbutsa. Akafa palibe nyuzipepala imalemba. Mwana wa Sitandade 2 amangoima kutsidya kwa khwawa, kope lili m'jumbo, n'kubwerera kunyumba.

Ndikudziwa chimene mukuganiza: zotopetsa. Inde n'zotopetsadi. Kuwerenga zokambirana za msonkhano wapita, kuzivomereza, nkhani zotuluka m'menemo, malipoti a makomiti, nkhani zina ndi zina, pemphero lotsekera. Mulibe ng'oma, mulibe wokoka mnzake tayi, wailesi siulutsa. Koma boma limene limafika pathupi pa amayi anga ndi limeneli. Sukulu za pulaimale, zipatala zing'onozing'ono, alangizi a zaulimi, misewu ya fumbi, misika ndi mijigo, zonsezi lamulo lidazipereka m'manja mwa makhonsolo. Amayi sadaonepo Sipikala wa Nyumba ya Malamulo, ndipo sadzamuona. Wodulitsa matikiti amamuona mlungu uliwonse.

Kunyoza kwathu tinyumba totere si nzeru yathu, tidachita kuphunzitsidwa, ndipo mphunzitsi woyamba adali mtsamunda. M'zaka za 1944 ndi 1945 boma la Nyasaland lidakhazikitsa makhonsolo a Aafirika a m'zigawo zitatu zija mukuzilirirazi. Ambiri mwa okhalamo adali mafumu, wapampando adali bwanamkubwa wachizungu wa chigawo, ndipo ntchito yawo idali kulangiza chabe. Ankalankhula, mzungu n'kulemba zimene wafuna. Makhonsolo a m'maboma adabwera ndi lamulo la 1953. Koma tamvani chimene chidachitika. M'chaka cha 1956, pamene Aafirika adapatsidwa mipando isanu m'nyumba ya malamulo ku Zomba, adasankha anthuwo ndi makhonsolo a m'zigawo onyozeka omwewo, ndipo mwa osankhidwa mudali Henry Chipembere ndi Kanyama Chiume, anyamata a zaka za m'ma 20, wina wochokera ku Fort Hare, wina ku Makerere. Iwo sadanene kuti khomo ili ndi lalifupi, sitingawerame. Adawerama, adalowa, ndipo mafunso amene ankafunsa ku Zomba adachititsa kuti mabuku a zokambirana za m'nyumbamo, mabuku ouma aja, azilimbiranidwa ndi kuwerengedwa m'midzi. Anyamata amenewo adali amsinkhu wathu kungosiyana pang'ono. Ife tikadakhalapo nthawi imeneyo bwenzi tikutsutsana za India.

Ufulu utabwera mu 1964, ndi chipani chimodzi mu 1966, makhonsolo adatsala mayina. Mphamvu zidasamukira kulikulu ndi kuchipani, chitukuko chidapita m'makomiti otsogozedwa ndi D.C., ndipo khansala adasanduka munthu woimirira pamzere wolandira alendo. Zimenezo tonse timazidziwa ndipo timazidzudzula mosavuta poti eni ake adapita. Chimene sitikonda kunena n'chakuti a matipate nawonso adachita zomwezo, ali ndi mawu okoma pakamwa. Mu 1998 adalengeza mphamvu ku anthu. Chisankho cha makhansala chidachitika mu Novembala 2000, ndipo mwa anthu 100 alionse olembetsa adakavota 14 okha. Nthawi ya makhansala amenewo itatha mu 2005, chisankho china sichidachitike. Chinkangolengezedwa n'kusunthidwa, kulengezedwa n'kusunthidwa, mpaka pa 20 Meyi 2014. Zaka zisanu ndi zinayi dziko lopanda khansala ndi mmodzi yemwe, pamene malamulo aakulu a dziko akunena poyera kuti akhalepo! Amayi sadasiye kudula tikiti zaka zonsezo. Ndalama inkakwera phiri, n'kugawidwa ndi anthu amene palibe adawasankhira ntchito imeneyo. Tayesani kuganiza kuti Nyumba ya Malamulo yatsekedwa zaka zisanu ndi zinayi. Pakoleji pano pakadatsala galasi? Koma za makhansala sitidamvepo kuti ophunzira adayenda pamsewu.

Ndipo m'kati mwa zaka zopanda makhansala zomwezo, mu 2010, aphungu adasintha lamulo lija la 1998. Adadzipatsa voti m'makhonsolo. Adapereka kwa Nduna mphamvu yosankha D.C. Adachepetsa mawodi, kotero kuti pachisankho cha 2014 dziko lonse lidali ndi mawodi 462 okha. Adadula nthawi ya wapampando wa khonsolo kuchoka pa zaka zisanu kufika pa chaka chimodzi, kuti munthu asanadziwe kumene mafaelo amasungidwa akhale akutsanzika. Mwini munda ali kuchipatala, oyandikana naye adasuntha malire. Onjezanipo thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, CDF, limene lidayamba mu 2006. Ndalama zake zimadzera kukhonsolo, koma kwa zaka zambiri kumudzi zinkadziwika kuti "ndalama za abwana aphungu", ndipo mlatho ukamangidwa anthu ankavinira munthu ngati waumanga ndi za m'thumba mwake. Khansala ankaima kumbuyo atagwirizira chipewa. Mu Meyi 2025, pamlandu umene bungwe la makhonsolo la MALGA lidakasuma, Bwalo Lalikulu lidagamula kuti voti ya aphungu m'makhonsolo ndi dzanja lawo pa thumba limeneli n'zotsutsana ndi malamulo aakulu a dziko, pakuti wopanga malamulo ndi kulondoloza ndalama sangakhalenso wozigwiritsa ntchito. Kodi mudachikambapo chigamulo chimenechi m'chipinda chodyera? Ine sindidamve. Chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 chitatha, Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza kuti thumbali lidzafika K5 biliyoni pa dera lililonse la phungu pachaka. Ngati ndalama zotere zidzatsikadi, funso la amayi lija, lakuti amaigawa ndani ndipo amakumana liti, silidzakhalanso la matikiti okha.

Za ndalama zina zochokera kulikulu ndingonena mwachidule. Ndondomeko ya 1998 idalonjeza kuti magawo 5 mwa magawo 100 alionse a ndalama zimene boma limatolera azipita kumakhonsolo kukachita chitukuko. A MALGA akhala akudandaula chaka ndi chaka kuti lonjezolo silikwaniritsidwa. Mwana umam'tuma kumsika wopanda ndalama, akabwera chimanjamanja n'kumamunena kuti ndi wopusa.

Tsopano ndinene za kwathu, pakuti mavuto onsewa akafika kwa ife amakula ndi phiri. Boma la Dedza lili pawiri. Kumtunda, kumene kuli Boma, kumazizira, amalima mbatatesi, nyemba ndi kabichi, ndipo mu Juni munthu satuluka wopanda juzi. Kwathu kunsi n'kotentha, kwa malambe, mpunga, thonje ndi usipa, kwa malungo ndi likodzo. Mvula imene kumtunda amaiyamika ndi yomwe imatsika ndi Nadzipokwe, Namikokwe ndi Livulezi n'kudzatigumulira milatho. Msewu wa M5 ndi njanji zimatikokera ku Salima ndi ku Balaka, koma zathu zimagamulidwa pamwamba pa phiri. Munthu wa ku Mua amene afuna kukamvera msonkhano wa khonsolo ayenera kuyamba wapita ku Golomoti, akwere Khwekhwelere ndi makona ake aja amene ngakhale malole amachita kupuma, akatulukire pa Masasa pamsewu wa M1, ndiye abwererenso kumpoto mpaka ku Boma. Apereke ya galimoto kupita ndi kubwera, ataye tsiku la kumunda, mwina agonenso komweko. Lamulo likunena kuti misonkhano ya khonsolo ndi yotsegukira anthu ndi atolankhani. Zoona. Koma chitseko chotsegula chimene chili pamwamba pa phiri, kwa mayi wogulitsa matimati n'chimodzimodzi chokhoma.

Pali chinanso chimene ndiyenera kuvomera, ngakhale chikundiwawa poti n'cha ife eni. Ku Mua ansembe a White Fathers adafika mu 1902. Sukulu, chipatala, malo osamalira akhate, sukulu ya ana osamva, ndi malo a zachikhalidwe a Kungoni amene Bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976, zonsezi zidamera pa Mishoni. Minda ya mpunga ya mahekitala 800 ya m'chigwa cha Bwanje idamangidwa ndi ndalama za dziko la Japan. Makina a magetsi a dzuwa a ku Golomoti, a mamegawati 20, amene adayamba kugwira ntchito mu 2022, ndi a kampani yakunja. Sindikunyoza chimodzi mwa izi. Ndidabadwira ndi kuphunzira pakati pake. Koma zaka zoposa zana zidatizoloweretsa kuti chabwino chimachokera kwa wachifundo, ndipo wachifundo sumufunsa malisiti, umangoti zikomo. Khalidwe lomweli talitengera kuboma. Mjigo womangidwa ndi msonkho wathu timauyamikira mogwada. N'chifukwa chake funso la amayi lidandidzidzimutsa: iwo sadafunse ngati wopempha, adafunsa ngati mwini ndalama.

Amene akuti zapansi sizingasinthe dziko akumbukire Inkosi Theresa Kachindamoto, imene idatisiya mu Ogasiti 2025. Idalowa ufumu mu 2003 itagwira ntchito ya ulembi zaka zambiri ku Zomba. Siidadikire Lilongwe kuti ithetse maukwati a ana. Idaitana mafumu ake ku Mtakataka, adagwirizana, adasaina, ndipo nyakwawa imene idaloleza ukwati wa mwana inkaimitsidwa paufumu. Maukwati mazanamazana adathetsedwa, atsikana n'kubwerera kusukulu. Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa zaka 18 mu 2015, n'kusintha malamulo aakulu a dziko mu 2017, ntchito ili m'kati kale kwathu. Alendo adachokera kutsidya kwa nyanja kudzaijambula. Koma chida chake chidali chiti? Misonkhano, mapangano olembedwa, ndi kubwerera kukaona ngati zatsatidwa. Zotopetsa zomwe zija. Sindikunena kuti mafumu apatsidwe voti m'khonsolo. Sitiwasankha, ndipo si onse ali ngati iyo. Ndikunena kuti ngati mfumu yopanda voti idachita zimenezo ndi mpando ndi cholembera, makhansala okhala ndi voti, bajeti ndi lamulo alibe pothawira, ndipo ifenso tilibe.

Mnzanga wina wa zamalamulo, amene timagona chipinda chimodzi, atawerenga izi adaseka. Adati makhonsolo ndi mapanga a mbava, makhansala ndi anthu osaphunzira ongofuna alawansi ndi njinga yamoto, ndipo kuwapatsa mphamvu n'kugawira katangale maboma 28. Sindikana kuti malipoti a mkulu wolondoloza chuma cha boma akhala akupeza zonyansa m'makhonsolo ambiri: ndalama zotuluka popanda mapepala, nyumba zolipiridwa zimene sizidafike pa windo. Koma ndidamufunsa kuti Cashgate ya 2013 idachitikira kukhonsolo iti. Mabiliyoni aja adatulukira ku Capital Hill, m'manja mwa anthu a madigiri ndi mataye, ena mwina adagonapo m'zipinda ngati zathuzi. Palibe adati tithetse Capital Hill. Kusiyana kwake n'kwakuti wakuba wa ku Lilongwe amayi sangamupeze, koma khansala amapita kumaliro a m'mudzi mwathu, amapemphera nafe, mkazi wake amatunga pamjigo womwewo. Munthu wotere ukhoza kumuimitsa panjira. Ndipo ngati makhonsolo amabedwa, n'chifukwa chiti? Nkhokwe imene mwini wake saiyendera ndiyo imalowa makoswe. Za kusaphunzira, nanga ophunzirafe tili kuti? Pa mawodi 509 amene adapikisaniridwa mu 2025, ndi angati mwa ife adaganizako zoimira, kapena kungothandiza woimira wanzeru kulemba mfundo zake? Tonse tikufuna uphungu, galimoto yaikulu ndi kutchedwa olemekezeka. Tidausiyira ena mpandowo, ndipo tikuwaseka poukhala.

Inunso aphunzitsi athu, ndi ulemu wonse, muli m'gulu lomweli. Mwatiphunzitsa Montesquieu ndi kugawa mphamvu patatu, mwatiphunzitsa nyumba ziwiri za ku Westminster, ndipo tikuthokoza. Koma ndi chaka chiti mudatituma kuti patchuthi aliyense akakhale pamsonkhano umodzi wa khonsolo ya kwawo n'kubwera ndi lipoti? Ena mwa inu mumalembedwa ganyu kukalemba mapulani a chitukuko a zaka zisanu a maboma amenewa, mabuku onenepa a Chingerezi chokhachokha. Adawerengapo ndani ku Golomoti? Wapampando wa VDC, amene ndiye gwero la zonse zili m'menemo, sangathe kupezamo mudzi wake. Bajeti ili m'Chingerezi, zokambirana zimalembedwa m'Chingerezi, pamene tikiti imadulidwa m'Chichewa. Pano pali dipatimenti yathunthu ya zilankhulo, pali ife a kagulu ka alembi amene timathera Chichewa chathu pa ndakatulo za chikondi ndi za mwezi. Kumasulira tsamba limodzi la bajeti ya khonsolo kuti lipachikidwe pamtengo wa pamsika sikungatipatse dzina, ndikudziwa. Wina adzati si luso. Koma ndikayika ngati pali ndakatulo yathu imene ingawerengedwe ndi anthu ambiri kuposa tsamba limenelo.

Ndibwerere kumtsutso wa Lachisanu. Anzathu ofuna nyumba za malamulo za m'zigawo sadafunikire kupita ku India kukapeza chitsanzo. Msewu wa M1 kum'mwera kwa Dedza umayenda m'malire; ukaoloka uli ku Angónia, m'chigawo cha Tete. Kumeneko nyumba za malamulo za m'zigawo zidasankhidwa koyamba mu 2009, ndipo kuyambira 2019 bwanamkubwa wa chigawo amachokera pa chisankho. Koma nthawi yomweyo boma la ku Maputo lidaika m'chigawo chilichonse mlembi wa boma wosankhidwa ndi Pulezidenti, pambali pa bwanamkubwa wosankhidwa ndi anthuyo. Dzanja lamanja lidapereka, lamanzere n'kutenga. Si zachilendo kwa ife amene tidaona 2010. Ku Kenya, kumene maboma 47 ali ndi nyumba zawo za malamulo kuyambira 2013, ndalama zidatsikadi, ndipo mikangano ya maalawansi ndi maulendo idatsika nazo. Sindikutsutsa ulamuliro wa m'zigawo. Mwina tsiku lina tidzaufuna. Koma kwa munthu wa ku Mtakataka, nyumba ya malamulo ya Chigawo cha Pakati idzakhala ku Lilongwe, kumene kuli kale inayo. Adzakhala ndi olemekezeka awiri m'malo mwa mmodzi, onse kutali. Ndipo ngati sitidaphunzire kuyang'anira anthu okumana pa Boma pathu pomwe, amene tingawaloze ndi chala, a kuchigawo tidzawayang'anira ndi maso ati?

Chimene ndikupempha si chachikulu. Mwa misonkhano inayi ya pachaka ya khonsolo ya Dedza, umodzi uzichitikira kunsi kwa phiri chaka chilichonse mosalephera, ku Mtakataka kapena ku Golomoti, m'mwezi wa Okutobala dzuwa likuswa mtengo, kuti akumtunda adzamve thukuta limene tikutanthauza tikati mjigo. Tsiku la msonkhano ndi nkhani zake zizilengezedwa m'Chichewa pamsika ndi m'matchalitchi ndi m'mizikiti sabata isanakwane, monga amalengezera katemera. Pamsika uliwonse pazipachikidwa pepala lonena ndalama zimene zidatoleredwa mwezi wapita ndi kumene zidapita. Palibe mwa izi chofuna kusintha malamulo aakulu a dziko kapena thandizo la ku Washington. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma lidayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020, ndipo kalata yopempha zokambirana za khonsolo ikhoza kulembedwa ndi aliyense wa ife pa theka la ola. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, koma amene wamva m'mimba kwathu sadziwa kulemba kalata ya Chingerezi. Ife timadziwa, ndipo ndi mpunga wake udatiphunzitsa.

Dzina la khansala wathu ndalidziwa tsopano. Ndidachita kufunsa amalume pa lamya, ndipo adaseka kwambiri asanandiuze. Ndalemba kalata yanga yopempha zokambirana za misonkhano iwiri yapitayi ndi bajeti ya misika, ndipo patchuthi chikubwerachi ndikwera Khwekhwelere kukaipereka ndekha. Amene kwawo ndi ku Dedza ndipo afuna kutsagana nane andipeze tisanatsekere, koma ya minibasi aliyense adzipezere. Yanga amayi alonjeza kundipatsa. Ati ndikabwereko ndi yankho, ndisakabwere ndi Chingerezi.